Phungu Wosajomba pa Maliro

Panali munthu wina, dzina lake Ezara Kalilangwe, amene anthu a kwawo anamusankha kuti azikawayankhulira ku Nyumba ya Malamulo ya dziko lawo. Dera lake linali la kumapiri, kumene msewu umakwera mokhotakhota n'kukathera pa mtsinje wopanda mlatho. Musayembekezere kuti ndikuuzani za munthu woipa. Ezara sanali wakuba, sanali wamwano, ndipo akakupeza panjira ankaimitsa galimoto n'kukufunsa za kunyumba, mpaka za mbuzi yako yothyoka mwendo ija. Anali wofewa mtima. Vuto lake linali limodzi lokha: sankafuna kuti munthu aliyense pansi pano amukwiyire.

Chimene anatchuka nacho chinali maliro. Kukangomveka mfuu kulikonse m'dera lake, Ezara ankafika, bokosi lili kumbuyo kwa galimoto. Sankakhala pa mpando wa alendo olemekezeka ayi. Ankavula jekete, n'kupita kumanda kukalandira khasu kwa adzukulu, n'kukumba nawo mpaka nsapato zake kufiira ndi dothi. Pobwerako ankakhala pa mphasa pamodzi ndi anamfedwa, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Anthu ankati, "Maliro n'kulirana, ndipo aphungu athuwa amadziwa kulira nafe." Ankamukonda, ndipo iye ankakonda kukondedwako.

Tsono ku Nyumba ija anali ndi kavotedwe ka mitundu iwiri. Pa nkhani zing'onozing'ono, wapampando ankangofunsa, aphungu n'kufuula onse pamodzi, ena inde, ena ayi. M'phokoso lotero munthu ukhoza kungoyasamula, anzako n'kumati wavota. Koma nkhani ikakula ankaliza belu, n'kutseka zitseko, n'kuyamba kuitana aphungu mmodzimmodzi ndi dzina. Woitanidwa ankaimirira n'kuyankha yekha, Nyumba yonse ikumva, ndipo yankho lakelo linkalembedwa pa dzina lake, osadzafufutikanso.

Belu limenelo Ezara ankaliopa. Akati inde, akwiyitsa anthu a kumudzi. Akati ayi, akwiyitsa akuluakulu a chipani chake, amene anali olamula boma. Choncho anapeza njira yake. Akangomva kuti mawa kulira belu, ankaimba foni kumudzi n'kufunsa ngati kuli zovuta, ndipo dera lalikulu ngati lake silisowa maliro. M'mawa mwake mpando wake unkapezeka wopanda munthu. Aphungu anzake anamupatsa dzina loti aphungu a kumanda, iye n'kumaseka nawo. Ukanafufuza mbiri ya mavoti ake pa nkhani zonse zikuluzikulu, ukanapeza mawu amodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, oti sanalipo. Akuluakulu a chipani ankati sanatitsutse. Anthu a kumudzi ankati sanatigulitse. Ezara ankaona ngati wapeza nzeru, ataiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Chaka china thumba la boma linaphwa. Silinali bodza ayi. Mvula inali itavuta, mbewu sizinagulidwe bwino, ndipo akuluakulu anakhala pansi kuti aone pamene angadule. Koma inu mukudziwa kuti wosadza mtengo sayambira nthambi imene wakhalira. Anayang'ana kutali, n'kupeza kanthu kooneka kakang'ono: galimoto za chipatala zimene zinkazungulira midzi yakutali mwezi ndi mwezi kukachititsa sikelo ya ana. Anati ziyambe zaima chaka chimodzi, tione m'mene zikhalire.

Kuseri kwa phiri, kwawo kwenikweni kwa Ezara, sikelo inkachitikira pansi pa mkuyu waukulu. Anamwino ankaponya chingwe pa nthambi yopingasa n'kukolowekapo sikelo, ana n'kumalendewera m'kakabudula ka nsalu, akupalasa miyendo, akulira ngati akuphedwa, amayi awo akuseka. Mwana amene wayamba kupepuka ankaoneka msanga, n'kupatsidwa chiponde. Wofunika katemera ankabayidwa pomwepo. Zinachitika kwa zaka zambiri, moti chingwe chija chinadya khungwa n'kusiya mzera wosalala pa nthambipo. Ezara nayenso analendewerapo ali khanda. Mayi ake, a Nangozo, ankakonda kumuseka nazo pamaso pa alendo, ngakhale atakhala phungu. Ankati pa ana onse a m'mudzimo panalibe wolira ngati iye, ndipo tsiku lina anakodzera namwino.

Tsiku loliza belu pa nkhani ya sikelo, Ezara anali pa maliro a munthu amene ngakhale dzina lake anachita kufunsa ali kale pa ulendo. Nkhani inadutsa, galimoto zinaima. Amayi a kumudzi atamufunsa kuti, "Aphungu, sikelo yathu ija bwanji?" iye anatambasula manja. "Ine sindinalipo, amayi. Munandiona nokha, ndinali pa zovuta kutsidya kuja." Zinali zoona, ndipo amayiwo anagwedeza mitu momumvera chisoni.

Miyezi inapita. Tsiku lina kunabwera uthenga wa maliro a mwana kuseri kwa phiri. Mayi wina wachitsikana, Nankhoma, anali ndi ana amapasa, Mwatipa ndi Mwationa, amene anali atangoyamba kuima chogwirira. Womwalirayo anali Mwatipa. Ezara anaima kwa kalipentala monga mwa nthawi zonse. Mabokosi anali atanyamulapo ambiri m'moyo wake, ena ofuna amuna anayi amphamvu, koma ili analinyamula yekha kukhwapa. Pofika nalo pa galimoto anaima kaye, akuliyang'ana.

Ataika maliro, anapita kumene kunakhala amayi kuti akapepese. Nankhoma anatuluka n'kugwada patsogolo pake, mwana wotsalayo ali kumsana.

"Bwana, zikomo," anatero ndi mawu osasa. "Mwana wanga wagona pabwino. Pandekha ndikanangomukulunga m'mphasa."

"Pepani, mayi. Anadwala chiyani mwanayu?"

"Sanadwale zoti munthu n'kuthamanga nazo, bwana. Ankangopepuka. Koma mwana woti ukumubereka tsiku ndi tsiku, msana umazolowera, sumva kuti wachepa. Kusikelo akanaona. Ine pomwe ndimadzazindikira n'kukwera naye phiri kupita kuchipatala, nthawi inali itatha kale."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anamuyang'ana Ezara ndi nkhope yopanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Ife tikudziwa kuti inuyo simunalipo tsiku limene ankachotsa sikelolo. Timakambirana kuno kuti achikhala aphungu athu analipo, sizikanatheka zimenezi."

Akanamutukwana, Ezara akanapeza choyankha, pakuti mayankho anali nawo ambiri. Koma mayiyu ankamukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo chikhulupiriro chimenecho chinamulasa kuposa chitonzo chilichonse. Mwationa anasuzumira paphewa pa mayi ake, maso akuluakulu, khosi lowonda. Ezara anamuyang'ana mwanayo, n'kulephera kudziwa ngati akupepuka kapena ayi. Panalibe amene akanadziwa.

Pobwerera ku galimoto anadzera pa mkuyu paja. Pansi pake panali patamera udzu. Anakweza maso kuyang'ana nthambi yopingasa, n'kuona kuti mzera wa chingwe uja wayamba kutsekeka, khungwa likubwerera mbali zonse ziwiri. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Anachita manyazi, manyazi aakulu amene anali asanawamvepo chikhalire phungu.

Chaka chitatha, nkhani ija inabwereranso m'Nyumba. Tsopano akuluakulu ankafuna kuti galimoto za sikelo zichotsedweretu, pakuti ankati chaka chatha bwinobwino popanda dandaulo lofika ku likulu. Anasankha tsiku loliza belu.

Kutatsala tsiku limodzi, m'mawa, foni ya Ezara inalira. Anali mayi ake.

"Ezara, atsibweni ako atisiya."

Atsibweni akewo, a Bizaliele, anali mlongo wawo wa mayi ake. Bambo ake a Ezara atamwalira, iwowa ndiwo anamulera, ndipo anagulitsa ng'ombe zawo imodziimodzi kuti mwana wa mlongo wawo aphunzire. Mwa mwambo wa kwawo, pa maliro otere mwana wa mlongo ndiye amaima patsogolo. Ndiye amalandira alendo, ndiye amayankhulira banja, ndipo akapanda kuoneka mudzi wonse umaona.

"Tiika mawa masana," anatero a Nangozo.

"Amayi, sangadikire mpaka mkuja?"

"Ndi kutentha kumeneku? Mwanawe, thupi silidikira phungu. Nyamuka."

Kuchokera ku likulu kukafika kuseri kwa phiri unali ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo belu linali loti lilire mawa lomwelo masana. Munthu sakanatha kupezeka konse kuwiri.

Mkulu woyang'anira aphungu a chipani, a Chinkhota, anamva za zovutazo n'kubwera yekha kudzapepesa. Sanali munthu wouma mtima, ndipo Ezara ankamukonda.

"Achimwene, pepani kwambiri," anatero a Chinkhota atamugwira paphewa. "Masiku onse timakusekani, koma lero palibe angatsegule pakamwa. Awa ndi maliro anuanu. Nyamukani, za mawazo tisiyireni ife. Ndipo musadzivutitse nazo, chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mukhalepo, musakhalepo, nkhaniyi idutsa."

Taonani m'mene khomo linatsegukira. Zaka zonse zija Ezara ankachita kufunafuna maliro oti abisalemo. Lero maliro anamupeza okha, enieni, a munthu amene ankamukonda ngati bambo ake. Palibe akanamudzudzula, kumudzi kapena ku likulu, ndipo ngakhale Nankhoma akanati aphungu athu anali pa zovuta.

Anaika suti yakuda m'chikwama. Anakwera galimoto n'kuiliza. Anakhala atagwira chiwongolero, akulira atsibweni ake, akukumbukira m'mene ankamuperekezera ku basi atamusenzera sutikesi pamutu ngati mwana wantchito. Kenako mawu a Nankhoma anabwera okha, odekha monga anawayankhulira: achikhala aphungu athu analipo. Anaona khosi lowonda la Mwationa. Atsibweni ake anali atapita, ndipo kupita kwake kumudzi sikukanawabweza. Mwationa anali adakali moyo.

Anazimitsa galimoto, n'kuimbira mayi ake.

"Amayi, bokosi ndi zonse zofunika ndatumiza, zifika madzulo ano. Koma ine mawa sindikhalapo. Ndifika mkuja."



"Wati chiyani?"

"Mawa akuvota nkhani ya sikelo, amayi. Chaka chatha ndinathawa. Ndikathawanso, sikelo ija sidzabweranso pa mkuyu paja."

"Maliro a anthu osawadziwa unkachita kuwathamangira," anatero a Nangozo. "A mlongo wanga, amene anatsala ndi khola lopanda kanthu chifukwa cha iwe, ndiye wapeza ntchito? Ndikawauza chiyani anthu? Ndiima ndi ndani pa manda paja?"

"Amayi, ndikhululukireni."

"Sikeloyo ndiyo idzakuike," anatero, n'kudula foni.

Mawa lake aphungu polowa m'Nyumba anadabwa kuona Ezara ali pa mpando wake, atavala suti yakuda ija. A Chinkhota anamuyang'ana kamodzi n'kuzindikira. Nkhani itayamba kukambidwa, Ezara anaimirira kupempha mpata. Ambiri anali asanamvepo mawu ake m'Nyumbamo, ndipo wina wa kumbuyo, amene sankadziwa za zovutazo, anafuula kuti, "Lero kumanda atseka kodi?" Nyumba inaseka.

Ezara anadikira kuti kuseka kuthe. Kenako anagwira mpando wa patsogolo pake.

"Sanatseke, olemekezeka. Nthawi inoyi akuika atsibweni anga amene anandilera."

Kuseka kunazima.

"Sindikutsutsa kuti thumba laphwa," anapitiriza. "Laphwadi. Koma kwathu njala ikalowa m'nyumba, amene amagona ndi njala ndi akulu. Mwana sitimulanda mbale. Ngati pali poti tidule, tiyambe ndi maulendo athu ndi galimoto zathu, ife amene tili ndi mnofu woti n'kudulapo. Akuti chaka chatha popanda dandaulo. Dandaulolo ine ndinalinyamula kukhwapa, m'kabokosi kakang'ono. Silinafike kuno chifukwa amene anatumidwa kuti alifikitse ndine, ndipo sindinalipo."

Sananene zambiri, pakuti sanali katswiri woyankhula. Anakhala pansi, n'kupukuta nkhope.

Belu linalira. Zitseko zinatsekedwa. Anayamba kuitana mayina, ndipo a mbali ya boma ankaimirira mmodzimmodzi n'kumati inde, inde, monga anawauzira. Atafika pa dzina la Ezara Kalilangwe, iye anaimirira. Mawu anatuluka aang'ono, moti wapampando anamupempha kuti abwereze.

"Ayi," anatero kachiwiri, Nyumba yonse ikumva.

Aka kanali koyamba kuti pa dzina lake palembedwe yankho. Ndipo panachitika chinthu chimene a Chinkhota sanachiwerengere. Pa mbali ya boma panali aphungu ena a madera akutali, aliyense ali ndi mkuyu wake kwawo, amene ankangodikira kuti wina ayambe. Mayi wina wa kuchigwa ataitanidwa anaimirira, n'kuti ayi. Mkulu wina wa imvi, amene anali asanatsutsepo chipani chake chiyambire, anati ayi akuyang'ana pansi. Pomaliza kuwerenga, nkhaniyo inali itagwa. Akuluakulu anabwerera nayo kukafuna pena podula, ndipo ulendo uno mpeni unafika pa nthambi imene iwo anakhalira.

Musaganize kuti anamuimbira m'manja. A Chinkhota anamudutsa pakhomo osamupatsa moni, ndipo chipani sichiiwala. Ezara ananyamuka tsiku lomwelo, n'kukafika kumudzi anthu atabalalika kale pa siwa. Anapita kumanda yekha. Anapeza mtumbira wa dothi lofiira, nkhata zitayamba kufota, mapazi a anthu ali ponseponse kupatula ake. Anagwada n'kulira mokweza ngati mwana, akupepesa kwa munthu amene sakanamuyankhanso. Atafika kwa mayi ake anagwada pakhomo. A Nangozo anamuyang'ana, n'kulowa m'nyumba.

Nkhani ya ku likulu inafika kumudzi itasuluka. Anthu anangomva kuti boma labweza sikelo, n'kuthokoza boma. Koma nkhani ya maliro inafika paliponse ili yotentha. Ankaikamba pa chigayo, ankaikamba pa mjigo: aphungu aja anataya atsibweni awo. Nthawi ya chisankho itakwana, chipani chinaimika munthu wina, amene anabwera ndi galimoto yaikulu yonyamulira maliro yolembedwa dzina lake m'mbali. Ezara anaima payekha. Anayesa kufotokoza za belu ndi za sikelo, koma anthu ankangofunsana kuti, "Munthu woti sanaike atsibweni ake, angatiike ife?" Anagwa pa chisankho, ndipo anagwa kwambiri.

Anabwerera kuseri kwa phiri n'kuyamba kulima munda wa atsibweni ake, pakuti panalibenso woulima. Kugwa pa chisankho sikunamupweteke monga ankaopera. Chimene chinkamudya chinali cha mayi ake. Ankamuphikira, ankamuyankha akawafunsa, koma kuseka kuja kunatha. Alendo akabwera, nkhani ya namwino wokodzeredwa sinkakambidwanso. Ezara ankailakalaka nkhani yochititsa manyazi ija kuposa mpando umene anataya.

M'mawa wina akunola khasu, kunamveka galimoto ikukwera phiri movutikira. Linali tsiku la sikelo. A Nangozo anatuluka atafunda chitenje chawo cha kutchalitchi, ndodo ili m'manja.

"Ndiperekeze," anatero. "Ndikaone chinthu chimene unasinthanitsa ndi mlongo wanga."

Anayenda pang'onopang'ono. Pansi pa mkuyu udzu unali utapondedwa, amayi atakhala m'mizere, ana ali pamiyendo. Chingwe chinali pa nthambi yopingasa, ndipo chinali chitatsegulanso mzera uja, mtengo ukuoneka woyera m'kati mwake. Ezara ndi mayi ake anaima chapatali.

Ana anakwera mmodzimmodzi. Wina atatsitsidwa, namwino anaitanira mayi ake pambali n'kuyankhula naye motsitsa mawu, kenako anamupatsa timapaketi ta chiponde. Mayiyo anayang'ana mwana wakeyo modabwa, pakuti sankadziwa kuti wayamba kupepuka. A Nangozo anaziona zimenezo, ndipo anakhala akuyang'anabe mayiyo mpaka atakhala pansi.

Kenako anadzuka Nankhoma. Mwationa anali atakula, akuyenda yekha, ndipo sankafuna za kakabudula ka nsalu. Anachita kumugwira anthu awiri. Atamukoloweka anapalasa miyendo n'kukuwa mpaka mbalame zinathawa mu mkuyumo. Namwino anayang'ana muvi wa sikelo n'kunena kuti, "Wakwera uyu, mayi. Pitirizani momwemo."

Nankhoma pomutsitsa mwanayo anaona Ezara, n'kubwera kudzagwada monga kale, ngakhale tsopano anali munthu wamba wa matope m'miyendo.

"Bwana, mwaona? Boma latikumbukira."

"Latikumbukiradi, mayi," anatero Ezara.

"Mwationa, apatse moni abwana. Awa ndi amene anamugulira mnzako bokosi."

Mwanayo anabisa nkhope m'chitenje, akusisimabe. Ezara anangomwetulira. A Nangozo anamuyang'ana, kudikira kuti afotokoze, kuti anene kuti sikeloyi yabwera chifukwa cha ndani. Iye anangoika maso pa mwanayo, pa khosi lake lonenepa.

Nankhoma anachoka ndi mwana wake. Kenako a Nangozo anasamutsira ndodo ku dzanja lina, n'kugwira mkono wa mwana wawo, chinthu chimene anali asanachite chichitikireni maliro aja.

"Kameneka kakulira ndithu," anatero akuloza Mwationa ndi mlomo, "koma sikakufika pa iwe. Iwe unkachita kutichititsa manyazi. Ndipo namwino uja, mpaka lero ndikamukumbukira..."

Sanamalize, pakuti kuseka ndi misozi zinawabwerera pamodzi. Ezara anadziwa kuti amukhululukira. Anaima pansi pa mkuyu atagwirana ndi mayi ake, iyenso akulira, ndipo amayi a pa sikelo anangodabwa kuti aphungu akalewa akulira chiyani pamalo popanda maliro.

Tsono inu amene mwandimvera, aliyense wa inu ali ndi belu lake. Mwina si la ku Nyumba ya Malamulo. Mwina ndi pa komiti ya sukulu, kapena pa bwalo la banja pamene akukamba za mwana wamasiye. Tsiku lina adzakuitanani ndi dzina, ndipo khomo lothawira lidzakhala lotsegula, chifukwa chake chili chomveka bwino. Musadzadzinamize kuti kusakhalapo ndi kusalakwa. Mpando wopanda munthu nawonso umavota, ndipo umavotera amene ali ndi mphamvu kale.

Ndipo akadzabwera opempha kuti muwasankhe, musadzangowafunsa kuti anagula mabokosi a ndani. Mudzawafunse kuti belu litalira anali kuti, ndipo dzina lawo litaitanidwa anayankha chiyani. Bokosi limaoneka, timalinyamula pamapewa, timaliimbira nyimbo, ndipo woligula timamuthokoza pagulu. Koma maliro amene sanachitike alibe nyimbo, alibe wothokoza. Mukafuna kuwaona, tulukani panja. Ndi mwana uyo akuthamangitsa nkhuku pabwaloyo, fumbi lili mbuu m'miyendo.